Botolo limene linadikira zaka 60

Ife amene tinakulira mu Lusaka tili ndi mafunso awiri chabe pa nkhani ya mowa: ndi zingati, ndipo ugwira msanga? Pa Kabwata, pa Chelstone, pa Kalingalinga, mafunso ndi omwewo. Palibe amene amafunsa kuti mowawu anapanga ndani, unapangidwa liti, kapena unagona kuti usanafike pa tebulo. Tinakula mu nthawi ya tujilijili, tumapaketi tuja tobisa mu sokosi n'kukamwera kuseri kwa kalasi. Boma linaletsa tujilijili mu Epulo 2012, pamene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, koma chizolowezi sichinaletseke. Chinangosamuka m'mapaketi n'kulowa m'tumabotolo. Mpaka lero timamwa ngati anthu othamangira minibasi yomaliza.

Choncho mwina mudzaseka mukamva kuti pa 24 Okutobala 2024, tsiku limene Zambia inakwanitsa zaka 60 za ufulu, ife adzukulu 7 a nyumba imodzi tinathera masana onse pa vinyo amene womwa aliyense analandira masupuni atatu chabe. Palibe analedzera, palibe anavina. Koma tikakumana nkhani imabwerera pomwepo, ndiye tati tikusimbireniko.

Ambuya athu aamuna anali weita pa hotela ina yaikulu mu tauni kwa zaka zoposa 20. Chakumapeto ndiwo ankasunga kiyi ya chipinda cha vinyo. Ankadziwa botolo loyenera nsomba ndi loyenera nyama, ankadziwa kutsegula osagwedeza, kuthira osadontheza pa nsalu yoyera. Koma ambiri mwa mabotolo amenewo sanawalawepo. Ankawadziwa ndi mphuno chabe, ndi zimene alendo ankakamba. Pamene ankapuma nchito mu 1994, mlendo wina wa Chipwitikizi amene ankagona pa hotelayo kawirikawiri anawapatsa botolo lakuda, lopanda pepala, lolembedwa ndi penti yoyera: BOAL 1964 MADEIRA. Anati popeza chimenecho ndi chaka cha dziko lawo, botololo ndi lawo. Ambuya analikulunga mu chitenge, n'kuliimika pa kona ya thiranki yachitsulo, n'kupita nalo kumunda kwawo ku Chongwe, chakufupi ndi Chalimbana. Linakhala mmenemo zaka 30, pansi pa denga la malata.

Chaka cha 2024 sichinali chaka chotsegula zinthu zodula. Mvula inadula chimanga chili pa ngaiyaye, minda inapsa, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Nkhokwe ya ambuya inali pululu. Ndiye mmodzi wa ife atafufuza pa foni n'kupeza kuti mabotolo otere amagulitsidwa madola mazana angapo kunja, gulu lathu la pa WhatsApp linagawika pawiri. Ena ankati tigulitse: ndalama imeneyo ndi feteleza, ndi mbewu, ndi unga mpaka kukolola. Amene ankatero sanali adyera. Ndi iwo omwe amene mwezi ndi mwezi amatumiza kangachepe kumudzi kuchotsa pa malipiro osakwana. Ena ankati, ndani mu Lusaka angatulutse ndalama yotere pa botolo lopanda pepala lotuluka mu thiranki? Adzatipatsa ya minibasi chabe, iye n'kukaligulitsa kwina.

Nkhani itawafika, ambuya sanakalipe. Anati: "Adzukulu anga, feteleza ndimufuna ndithu, ndipo mukandigulira ndidzathokoza. Koma ine ndanyamula vinyo wa anthu ena moyo wanga wonse. Uyu yekha ndiye wanga. Ndifuna ndimudziwe ndikali ndi lilime, ndipo ndifuna ndimwe ndi ana a m'nyumba mwanga." Pamenepo munthu ungayankhe chiyani? Tinasonkherana ya matumba awiri a feteleza, amene anali kutali ndi kukwanira, n'kukwera minibasi ya pa Great East Road.

Kuti mumvetse chimene chinali mu botolomo, tiyambe ndi dzina. Madeira ndi chilumba cha dziko la Portugal, chili m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco, kufupi ndi Africa kuposa ndi Lisbon. Okonda bola mukuchidziwa kale: Cristiano Ronaldo anabadwira mumzinda wake waukulu, Funchal, mu 1985. Kalekale zombo zopita ku India, ku Brazil ndi ku America zinkaima pamenepo kutenga madzi, chakudya ndi migolo ya vinyo. Vinyo wamba sachedwa kusasa pa ulendo wa miyezi, choncho opanga anayamba kuthiramo mowa waukali wotcheza. Mowa umenewo umaimitsa kuwira kwa vinyo, shuga wina wa mphesa n'kutsala osasanduka mowa, ndipo mphamvu yake imakwera kufika cha pa 19 kapena 20 peresenti.

Ndiye kunachitika chodabwitsa. Migolo imene inadutsa kotentha, ikuphikika m'mimba mwa chombo, n'kubwerera yosagulidwa, inapezeka yokoma kuposa imene inatsala kunyumba. Apwitikizi anamutcha vinho da roda, vinyo amene wazungulira. Lero samukwezanso zombo. Wotchipa amamutenthetsa m'mathanki pa madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi itatu. Wapamwamba amamuika m'migolo yamatabwa m'zipinda za pamwamba, pansi pa denga, kuti dzuwa lizimutenthetsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Lamulo lawo limati vinyo wa chaka chimodzi wa gulu lapamwamba, amene amamutcha frasqueira, ayenera kugona mumgolo zaka zosachepera 20 asanalowe mu botolo. Boal ndi dzina la mphesa. Pa mitundu inayi yotchuka, Sercial ndiye wosatsekemera, Verdelho amatsekemera pang'ono, Boal amatsekemera ndithu, Malvasia ndiye wotsekemera koposa.

Mwayi wathu unali pomwepa. Kutentha ndi mpweya ndiwo adani a vinyo, ndipo Okutobala wa ku Chongwe pansi pa malata mumamudziwa. Vinyo wamba akanafera mu thiranki ija chaka choyamba chomwe. Koma Madeira anakumana nazo kale zonsezo ali mumgolo. Anaphikika kale, anapuma kale mpweya, ndiye panalibe chachilendo chimene Chongwe ikanamuonetsa. N'chifukwa chake mabotolo a zaka za m'ma 1800 amatsegulidwa mpaka lero n'kupezeka amoyo. Ngakhale kuliimika chilili kumene ambuya anachita kunali kwa munthu wodziwa nchito. Vinyo wina amamugoneka kuti chotsekera chisaume, koma uyu amakhalitsa kuposa chotsekera chake, ndipo akachikhudza nthawi yaitali amachidya.

Pali chinanso chimene chimalumikiza chilumba chakutali chija ndi msewu wathu womwewu. Mawu akuti vinyo tinawatenga ku Chipwitikizi, vinho. Kachasu nayenso ndi mbale wake wa cachaça, mowa wotcheza wa nzimbe. Mawuwa sanabwere pa ndege. Anakwera ndi mtsinje wa Zambezi, kudzera ku Tete, mpaka ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati Luangwa, malo amene amalonda a Chipwitikizi anakhazikikako m'zaka za m'ma 1700. Ukapitirira Chongwe n'kukhotera kumanja usanawoloke mlatho wa Luangwa, ukafika komweko. Ndiye vinyo wa mtundu uwu, m'chinenero chathu, ndi vinyo wothira kachasu. Mawu onse awiri tinali nawo kale pakamwa. Koma tisaiwale kuti amalonda aja sanabwere kudzatiphunzitsa mawu. Ankatsika mtsinje ndi minyanga ya njovu, ndi golide, ndi anthu omangidwa. Pa Madeira pomwepo, mphesa zisanatchuke, minda ya nzimbe inkalimidwa ndi akapolo. Zokoma zambiri za pansi pano zili ndi mbiri yotere kumbuyo kwake, ndipo ndi bwino kumwa ukuidziwa.

Titafika tinapeza ambuya atatsegula kale botololo dzulo lake. Chotsekera chinafumbutuka ngati chitsononkho chofumbwa, ndiye anasefa vinyoyo ndi kansalu koyera kulowa mu jagi, n'kutsuka botolo, n'kumubwezeramo. Anati vinyo amene watsekeredwa zaka 30 amatuluka ndi fungo la chipinda chosatsegulidwa, ndipo amafuna usiku umodzi kapena uwiri kuti apume. Magalasi a vinyo panalibe, panali matambula wamba. Anatiletsa kusuta, anatiletsa tsabola, ndipo wa perefyumu wambiri anamukhazika chakumphepo. Pa tebulo panali madzi ndi nshawa zokazinga zopanda mchere.

Choyamba anati tiyang'ane. Tinakweza matambula ku kuwala kwa pakhomo. Mtundu wake unali wa tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa mu ketulo, koma m'mphepete, pamene vinyo amakhudza galasi, munali kamzere kachikasu kobiriwirako. Ambuya anati kamzere kameneko ndiye imvi zake.

Kenako anati tinunkhize, osamwa. Apa ndi pamene phokoso linathera. Mabuku a vinyo amatchula zipatso zimene ife sitinazionepo, ndiye tinafunafuna mawu athu. Wina anati shuga wopserera pansi pa poto. Wina anati masau ouma a ku Luangwa. Wina anati khungu la lalanje loyanika padzuwa. Mmodzi wa ife, wa mpingo wa Sabata, amene sakhudza mowa, anangonunkhiza n'kunena kuti ndi fungo la mkati mwa kabati ya ambuya aakazi, mmene mumakhala uchi, sopo ndi makalata akale. Palibe anatsutsa. Patapita mphindi 10 fungo linali litasintha: kunabwera fodya wouma wa m'chigafa, nshawa, ndi kautsi chapatali. Apa n'kuti tisanamwe ngakhale dontho.

Pomaliza anati: "Kadontho chabe. Mukasunge pa lilime, muwerenge mpaka 10, ndiye mumeze." Kutsekemera ndiko kumayamba, kolemera ngati uchi wa m'mphako. Usanadandaule kuti kwachuluka, kumabwera kuwawasa kwakuthwa, kwa bwemba kapena mabuyu, kumene kumatsuka mkamwa monse mpaka malovu kutuluka. Kenako kutentha kumatsika pakhosi mofatsa, kopanda chikwapu chija cha kachasu. Ndiye ukameza, chinthucho sichichoka. Tinayang'ana nthawi pa foni: mphindi ziwiri, zitatu, kukoma kukali mkamwa, kukusinthasintha. Ndicho chifukwa masupuni atatu anakwanira masana onse. Ukafulumira kumwanso, uli ngati munthu wodula mnzake mawu nkhani ili pakati.

Ambuya anafotokoza kumene mphamvu yotere imachokera. Mgolo wamatabwa umapuma. Chaka chilichonse pang'ono pa zimene zili mkati zimauluka, ndipo zotsala, shuga, kuwawasa ndi fungo, zimakhuthala ngati msuzi wa pa moto wochepa. Mwini wake amaona chuma chake chikuchepa chaka ndi chaka, koma satsegula. Mphesa ku Madeira amathyola cha mu Seputembala, ndiye kuti zathu zija zinathyoledwa masabata ochepa chabe dzina la Northern Rhodesia lisanafafanizidwe. Amene anazithyola, n'kuzisenza pa mapewa kutsika mapiri a chilumbacho, ambiri sanakhale ndi moyo mpaka kudzalawa. Anagwirira nchito anthu amene sanawadziwe, ndipo ena mwa anthu amenewo tinapezeka kuti ndife.

Iwo eni anamwa pomalizira. Anatseka maso nthawi yaitali, ife tikudikira mawu aakulu. Atatsegula maso anangoti: "Ooh. Kansi ndi izi zimene anali kulipira."

Ambuya aakazi, amene anali phee pa mphasa, analawa n'kugwedeza mutu. "Anafulula uyu ndi munthu wosathamanga," anatero. Kwa iwo panalibe chodabwitsa kwenikweni. Mowa wa masiku 7 umene ankafulula ali ndi mphamvu umayamba tsiku loyamba lisanafike: kunyika mapira kapena chimanga, kufundika mpaka zimere, kuyanika, kusinja chimera. Kenako kuphika phala, kulisiya lisase, kuliphikanso, kuthira chimera, kudikira, kusefa. Ankadziwa ndi khutu kuti mowa wapsa, pomvera mmene ukulirira mu mbiya. Omwa nawonso ankadziwa kusiyanitsa dzanja la mai uyu ndi la mai uja, ndipo ankatha kukangana za icho mpaka dzuwa kulowa. Chipanda chinkayambira kwa wamkulu, ndipo woyamba unkathiridwa pansi kukumbukira amene anatsogola. Mwezi womwewu wa Okutobala ndi umene Asoli a ku Chongwe amachita Chakwela Makumbi, pamene mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imapempha mvula kwa makolo n'kubzala mbewu zoyamba. Munthu wobzala kumwamba kukali mbee ndi munthu woika vinyo mumgolo kwa zaka 20 angamvane popanda womasulira.

Ndiye luso la kulawa tisamalione ngati la azungu. Linalipo pakhomo pathu. Linataika panjira pakati pa mudzi ndi komboni, pamene mowa unasiya kukhala wa nyengo ndi wa gulu, n'kukhala wa tsiku lililonse, wa munthu mmodzi, wobisa m'thumba. Kusiyana kulipo kumodzi: mowa wathu sukhalitsa. Wa masiku 7 ukapsa, uyenera kumwedwa msanga usanasase. Ngakhale Chibuku amapitiriza kuwira mu katoni mpaka kuwawa. Tilibe botolo limene ambuya aakazi angatisiyire. Chimene chingagone zaka 60 kwathu ndi nzeru ya kafululidwe, ndipo imeneyo imasungidwa m'mutu mwa munthu. Munthuyo akapita osaiphunzitsa, mgolo wasweka.

Panali mmodzi pakati pathu amene tonse tinkamuyang'ana chamseri. Mowa wa m'tumabotolo unamulanda nchito, unamulanda banja, ndipo unatsala pang'ono kumulanda chiwindi. Pa tsikulo anali atakwanitsa miyezi 14 osamwa. Ambuya ndiwo anaumirira kuti abwere. Botolo litafika pa iye, anaphimba tambula ndi dzanja. "Ambuya, ine ndipatseni munkoyo." Ambuya anaimirira, n'kumuthirira munkoyo mu tambula yofanana ndi yathu, mwaulemu womwewo, dzanja lina kumbuyo ngati ali pa hotela. "Iwe wako ukali mumgolo," anatero. "Miyezi 14. Usatsegule."

Tikukamba izi kuti wina asamve ngati tikuti mowa wodula ndi mankhwala. Chiwindi sichiwerenga chaka cholembedwa pa botolo. Kwa ena a ife mlingo woyenera ndi kusakhudza n'komwe, ndipo pa anthu onse amene anali m'nyumbamo tsiku limenelo, mbale wathuyu ndiye ankadziwa bwino mtengo wa kudikira. Iye amadikira tsiku ndi tsiku, akudutsa pa ntemba zomwezo, ndi anzake omwewo akumuitana dzina.

A mbali ya feteleza sanasinthe maganizo onse. Pobwerera, minibasi ikudutsa njinga za malasha zolowera ku tauni, mmodzi anati: "Zinali zokoma, koma matumba awiri ndi awiri basi." Sananame. Kudikira n'kosavuta kwa amene nkhokwe yake ili yodzaza. Makampani a ku Funchal, monga Blandy's imene inayamba mu 1811, amatha kugoneka migolo zaka makumi chifukwa ali ndi ina yogulitsa lero. Ife malipiro amatha pa 10, kaloba amadikira pa 30, ndipo chilichonse cha m'nyumba chili ndi mtengo wake pa tsiku la mavuto. Amene amadula mtengo wa zaka 50 kuti atenthe malasha si kuti sadziwa msinkhu wake. Ana ali ndi njala lero.

Komabe ambuya sanali olemera. Anadutsa ndi botolo lija m'zaka za m'ma 1990 pamene makampani ankatsekedwa, anadutsa nalo maliro, matenda ndi njala zingapo. Anagulitsa wailesi, anagulitsa njinga, anagulitsa ng'ombe. Chinthu chimodzi ichi anachipatula kuti chisalowe mu masamu a mwezi. Mwina munthu amafunika chinthu chimodzi chotere kuti asamadzione ngati wongothamangitsidwa ndi mawa. Funso limene latsala nafe ndi lakuti, ife a zaka 25 ndi 30, tili ndi chiyani chimene taika pambali kuti wina adzachitsegule mu 2084? Zithunzi zathu zili mu foni imene idzafa chaka chamawa. Nyimbo zathu zili pa intaneti, pa nyumba ya eni ake.

Simufunika botolo la 1964 kuti muyese zimene tikukambazi. Old Brown wa ku South Africa uja amalume amamwa mu Juni nayenso ndi vinyo wothira mowa wotcheza, ngakhale ndi khanda poyerekeza. Ngakhale munkoyo wa pa msika uli ndi fungo loyamba ndi lachiwiri, kutsekemera ndi kuwawasa kwake, ndipo wa mai mmodzi umasiyana ndi wa mnzake. Thirani pang'ono. Yang'anani, nunkhizani, sungani pa lilime, ndipo funani mawu anuanu a chimene mwamva. Mudzapeza kuti mwamwa pang'ono n'kukamba zambiri. Akale anati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo ife tinali kuganiza kuti amakamba za malangizo chabe.

Botolo linatsala theka. Madeira ngakhale atatsegulidwa amakhala miyezi yambiri osawonongeka, ndiye ambuya analitseka n'kunena kuti theka linalo ndi la tsiku limene nkhokwe idzadzazenso. Ambuya aakazi nawo anavomera kufulula wa masiku 7 tikakolola, kuti tione ndi maso ndi kulemba zonse, kuyambira pa chimera mpaka pa kusefa. Anaika lamulo limodzi chabe: amene afuna kumwa pa tsiku la 7, afike pa tsiku loyamba.